Abale a ku Indiana, laisensi yosakira agwape imayambira pati?

Moni nonse pa gulu pano, pepani nditalikitsa koma ndithandizeni nzeru. Ine ndili ku South Bend chaka chachiwiri tsopano, ndinabwera pa viza ya sukulu. Kutchalitchi komwe ndimapemphera kuli mdala wina mzungu ali ndi munda waukulu wa chimanga ndi soya kunja kwa tawuni, ndiye wakhala akundikoka kuti Novembala ino tikasake limodzi agwape, akuti akumuthera mbewu. Chaka chatha anandigawira nyama yake ndinangoikazinga ndi tomato ndi anyezi, kansima pambali, abale inu ndinakumbuka kumudzi. Ndiye mtima ukufuna ndithu.

Koma iyeyo amangoti kapeze laisensi ndi hunter ed (kalasi yophunzitsa kusaka mosamala) ngati ndi zogula pa okala. Ine kusaka komwe ndimadziwa ndi kwa kwathu ku Ntcheu, kukumba mbewa tikakolola, legeni, mwina kutsatira amalume ndi agalu tchire likapsa. Mfuti sindinaigwirepo chibadwire. Ndiye chimayamba n'chiti, kalasi kapena laisensi? Ndine wa 1995. Komanso munthu wa viza ngati ine amaloledwa kugwira mfuti? Mdalayo akuti andibwereka yake. Sindikufuna chifukwa cha ndiwo ndipezeke ndikutsika ku Chileka sukulu ndisanamalize.

Wa ku Elkhart: Achimwene mwafunsa bwino. Ku Indiana kuno aliyense wobadwa pambuyo pa 31 Disembala 1986 sangagule laisensi yosakira popanda satifiketi ya hunter education, ndiye inu a 1995 simuthawa. Amayendetsa ndi a DNR, nthambi ya boma la Indiana yoona zachilengedwe ndi nyama zakutchire. Pali kalasi yokakhala pansi ndithu ndi aphunzitsi odzipereka, iyo ndi yaulere koma imadya pafupifupi wikendi yonse, ndiye pali ya pa intaneti yomwe mumalipira. Pamapeto pali mayeso, osavuta ngati mumamvetsera. Satifiketiyo siitha ntchito, ndi ya moyo wonse, ndipo masiteti ena amailandira. Musachedwe kulembetsa, ikafika Okutobala makalasi amakhala atadzaza.

Mai a Tadala: Mwana wanga iwe unabwerera sukulu kapena uzimba? Nyama ili mbwee m'mashopu. Ine zamfuti m'dziko la eni zimandiopsa.

Wa ku Elkhart: Mai musaope kwambiri, kalasiyo ndiyomwe imachotsa ngozi zambiri. Amakukhomerera zinthu zomwezomwezo mpaka uzilota: mfuti iliyonse uitenge ngati ili ndi chipolopolo, kukamwa kwake kusaloze munthu, chala chisakhale pa trigger usanatsimikize, ndipo udziwe chomwe ukuwombera komanso chomwe chili kuseri kwake. Chomwe chinandidabwitsa ine n'choti ambiri ovulala kuno sikuti awomberedwa ayi, amagwa kuchokera pa timipando tomwe amamangirira mumtengo podikirira gwape. Ndiye ngati mdalayo akukwezeni mumtengo mumufunse lamba womangira thupi.

Mlongo wa ku Indy: Ine ndiyankhe za viza chifukwa apa ndi pomwe anthu amapsa. Lamulo la federal, la boma lalikulu la America yonse, limaletsa munthu amene analowa ndi nonimmigrant visa, monga ya sukulu kapena yoyendera, kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo. Ndipo kukhala nayo sikutanthauza kugula kokha, ngakhale yobwereka ili m'manja mwanu ndi nkhani kale. Koma lamulo lomwelo lili ndi pothawira, munthu amene ali ndi laisensi yosakira yoperekedwa movomerezeka mu America muno, yomwe sinathe ntchito, amaloledwa. Ndiye kwa inu ndondomeko yake isasokonekere: laisensi ikhale m'thumba kaye, mfuti pambuyo. Mdalayo asakutengeni kuseri kwa nkhokwe kuti tiyeni tiyeserere kuwombera zitini inu musanagule laisensi, iye ndi nzika sizimukhudza, zikhudza inu. A green card alibe vuto limeneli. Amene mapepala ake anatha kapena alibiretu, uyo ndiye asayandikire n'komwe, laisensi siimupulumutsa. Ndipo musanachite chilichonse kachezeni ndi ofesi ya ophunzira ochokera kunja pasukulu panu kapena loya wa za immigration, ndalama ya ola limodzi siingafanane ndi kutaya viza.

Wofunsa: Eee alongo mwandipulumutsa, Loweruka lapitali ananditchuliradi zokayeserera kumunda kwake ndinakana chifukwa cha ntchito basi. Nanga mu kalasimo sagwiritsa mfuti?

Mlongo wa ku Indy: Makalasi ena amagwiritsa. Muwauze aphunzitsi musanayambe kuti muli pa viza, kapena ingotengani ya pa intaneti. Ndipo mfuti isalowe mu hostel ya sukulu, izikhala kwa mwini wakeyo.

Chiphaliwali: kkkkk munthu wa mbewa akufuna satifiketi. Kwathu agogo ankapha nguluwe ndi gogodela osapita kalasi iliyonse

Bambo a mapasa: Chiphaliwali usanamize anthu, ngakhale kwathu ukapezeka ndi nyama ya ku Kasungu kapena ku Liwonde umalowa ndithu, chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017 zilango zinafika mpaka zaka 30. Koma gogodela wakoyo kuno aliko, amati muzzleloader, yothira onga kukamwa yomwe ija, ndipo ili ndi nyengo yakeyake mu Disembala.

Kwa wofunsa, pali njira ina yomwe sanaitchule. Ngati nthawi yakutherani kuli apprentice license, laisensi ya ongoyamba kumene, mumagula popanda satifiketi koma muyenera kukhala limodzi ndi mlenje wamkulu wa laisensi nthawi yonse, osati iye uko inu uko. Amalola katatu kokha moyo wanu wonse. Ine ndinayamba ndi imeneyo koma ndinganene kuti pangani kalasi basi, munthu woti mfuti sunaigwirepo ukufuna kudumphiranji maphunziro. Komanso samalani pogula, laisensi wamba yosakira ndi ya akalulu ndi agologolo, gwape ali ndi yake yapadera ndipo imayendera chida, ya uta ndi ina ya mfuti ndi ina, kapena mugule bundle yophatikiza. Nyengo ya uta imayamba pa 1 Okutobala, ya mfuti imayamba pakati pa Novembala ndipo ndi masiku 16 okha. Mtengo wa resident (wokhazikika mu Indiana) ndi wa nonresident (wochokera kwina) umasiyana kutali kwambiri ndiye anthu amakopeka kungodina resident, musadine mwachisawawa, imbirani a DNR muwafotokozere kuti ndinu wophunzira akuuzeni gulu lanu. Kunama pa fomu ndi mlandu wina pawokha.

Wa ku Elkhart: Zoona. Onjezerani chovala cha olenji, jekete kapena chipewa, chowala bwino osati chamawangamawanga. Nyengo ya mfuti ndi lamulo. Musadandaule kuti gwape akuonani, maso ake sasiyanitsa bwino mtundu umenewo, amene akuoneni ndi mlenje mnzanu.

Bambo a mapasa: Ndiye zakumudzi zija musiye ku Ntcheu konko. Kuthamangitsa gwape ndi agalu ayi. Kumuthira tochi usiku ayi. Kumutayira chimanga kapena mchere kuti abwere pomwe mwabisala, Indiana imaletsa. Kuwombera kumayamba theka la ola dzuwa lisanatuluke, kumatha theka la ola litalowa. Mukapha mumalemba kapepala kokhala ndi dzina lanu ndi tsiku, kenako mumalembetsa nyamayo kwa a DNR pa CheckIN Game pasanathe maola 48, pa foni pomwepo zimatheka. Ndipo gwape akathawira m'munda mwa neba atavulala simungangolowa, mumakapempha kaye.

Mai a Tadala: Chabwino ndagonja. Koma ukapha undisungire mwendo ndigula.

Mlongo wa ku Indy: Mai apo ndiye ayi kkkk, kugulitsa nyama ya gwape wakutchire n'koletsedwa. Kupatsana kwaulere kulibe mlandu.

Wa ku Niles: Ine ndili mbali ya Michigan, mphindi zochepa kuchokera kwa inu. Dziwani kuti laisensi ya Indiana imathera pa malire, mukawoloka mukufunika ya kuno, satifiketi yokha ndiyomwe imawoloka nanu. Komanso kuli matenda a agwape otchedwa CWD, amagwira ubongo, kuno alipo kalekale ndipo ku Indiana anapezeka koyamba mu 2024 ku LaGrange County. N'chifukwa chake pali malamulo oletsa kumangowolotsa nyama yathunthu ndi mutu ndi msana womwe. Ife a Malawi paja mutu ndi bongo sititaya, koma pa gwape izo zisiyeni, ndipo ngati akuoneka wodwala kayezetseni musanadye.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse, ndalembetsa kalasi ya pa intaneti usiku uno ndipo Lolemba ndikaonana ndi a ofesi ya kusukulu. Mdala uja ndamuuza kuti za zitini zidikire laisensi, waseka koma wamva. Mai a Tadala mwendo wanu ndi waulere ngati ndingaphe. Funso lina, amene muli ndi filiji yaikulu pafupi ndi South Bend ndani? Yanga ndi kaja kolowa nkhuku ziwiri basi.