Buggy ya 1/10 ikumenya pansi potera: ndiyambe kugula chiyani?

Phiri wa ku Mufakose

Moni akuluakulu nonse. Ndikupempha nzeru pa galimoto ya rimoti, buggy (kagalimoto kothamanga pa dothi) ya 1/10, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo khumi a kukula kwa galimoto yeniyeni, yokoka matayala onse anayi, ya batire ya LiPo ya maselo awiri (2S), ija imabwera yomangamanga kale m'bokosi. Ma shock ake ndi apulasitiki, a mamilimita 10 m'kati, ndipo mafuta ake ndi omwe inabwera nawo. Cholinga n'kuilowetsa m'mipikisano ya kalabu kuno ku Harare, pa bwalo la dothi lofiira louma gwa, la mabampu ang'onoang'ono ndi malo angapo odumphira.

Ikatera kuchokera podumpha, chasisi (mimba ya galimoto) imamenya pansi mwamphamvu, kumbuyo n'kunjanja, galimoto n'kupotolokera mbali imodzi. Pa makona othamanga imagubuduzika. Shock ya kumbuyo kumanzere imakhala yonyowa, fumbi litamatirira. Ndalama zilipo za chinthu chimodzi kapena ziwiri basi. Ndiyambe ndi ma shock a aluminiyamu, masipuling'i olimba, kapena mikono ya aluminiyamu (yolumikiza matayala ku chasisi) ija ikuoneka pa intaneti?

Amalume Banda, Highfield

A Phiri, ndalamazo zisungeni kaye m'thumba. Shock yonyowayo ndiyo ikupotoza galimoto. Mbali imodzi ili ndi mafuta, ina yadzaza mpweya, ndiye potera tayala lakumanja likutsika pang'onopang'ono pamene lakumanzere likungophwatika n'kubwerera. Ngakhale mutagula zotani, zimenezi zikapanda kukonzedwa simudziwa ngati chatsopanocho chathandiza.

Yambani ndi kumasula ma shock onse anayi ndi matayala, galimoto muikhazike pa kabokosi. Tukulani mkono uliwonse ndi chala n'kuusiya. Uyenera kugwa wokha. Ukaima m'malere kapena kutsika monyinyirika, pali chogwira: pini yomwe mkono umazungulirapo yapindika, kapena dothi lalowa m'bowo, kapena sikuluwu yamangidwa mopitirira. Pini muigubuduze pa galasi, yopindika imadziulula yokha. Bowo lothina mulipale pang'ono ndi dzanja. Pa mapiniwo musapake girizi, chifukwa girizi ikasakanikirana ndi fumbi lathu lofiirali imadya pulasitiki msangamsanga. Pukutani, bwezeretsani youma.

Kenako ma shock. Chotsani sipuling'i, tsegulani chivundikiro, khuthulani mafuta akale. Pomasula kamutu ka pansi, shafiti (kachitsulo kolowa ndi kutuluka mu shock) muigwire pafupi ndi mazinga ake ndi pulayazi yokulunga kansalu. Mukaikanda pakati ndiye kuti yatha ntchito, chifukwa kachipsera kalikonse kamacheka O-ring (kamphira kozungulira kotseka mafuta) nthawi iliyonse shock ikayenda. Yang'anitsitsani shafiti ya shock yochuchayo, nthawi zambiri mudzapeza yakandika kapena yapindika. M'kati mwa pansi mumakhala ma O-ring awiri ndi kapulasitiki pakati pawo. Ikani atsopano mutawapaka girizi yake, monga Green Slime ya Team Associated. Donthezani mafuta pa mazinga a shafiti musanailowetse kuti isang'ambe mphira polowa.

Thirani mafuta mpaka pafupi ndi kukamwa, yendetsani pisitoni pang'onopang'ono osaitulutsa pamwamba pa mafuta, ndipo imikani shock chilili kwa mphindi 10 kuti timathovu tonse tikwere. Ngati ili ndi kamphira ka pamwamba, kakhazikeni, kankhirani shafiti m'kati kuti mafuta otsala asefukire, n'kumanga chivundikiro. Shafiti ikakana kulowa yonse, mafuta achuluka, tsegulani muchotseko. Mukaikankha n'kuisiya izibwerera yokha mamilimita 2 kapena 3, ndipo yakumanja ndi yakumanzere zibwerere mofanana. Pomaliza yezani ndi veniya (chipangizo choyezera mamilimita molondola) kuchokera pa bowo la pamwamba kufika pa la pansi. Awiri akutsogolo afanane, awiri akumbuyo afanane. Kusiyana kwa milimita imodzi yokha kumaoneka pa bwalo, galimoto imakhota bwino mbali imodzi n'kumavuta mbali inayo.

Nachisale

Ndikugwirizana ndi amalume, koma ndiwonjezere pa nkhani ya kumenya pansiyo, chifukwa ambiri amathamangira masipuling'i olimba ndipo apa ndi pomwe amasokera. Sipuling'i imanyamula kulemera kwa galimoto. Chomwe chimagwira galimoto potera ndi mafuta ndi pisitoni. Mukaika sipuling'i yolimba pa mafuta opepuka, kunjanja kuja kumangowonjezeka.

Musathire oyilo wa injini kapena wa giyabokisi. Gulani mafuta a silikoni a ma shock, chifukwa sasintha kwambiri kukatentha kapena kukazizira. Pa botolo pamalembedwa wt kapena cSt, miyeso yosonyeza kulemera kwa mafuta. Nambala ya wt kampani iliyonse ili ndi muyeso wake, 30wt ya uyu si 30wt ya uyo, pamene cSt ndi muyeso umodzi kulikonse. Kwa Team Associated 30wt ndi 350 cSt, 35wt ndi 425 cSt, 40wt ndi 500 cSt. Sankhani kampani imodzi n'kukhala nayo. Pa ma shock apulasitikiwo yambani ndi 400 cSt kutsogolo ndi 350 cSt kumbuyo. Mukamanga zonse, ikani batire, tukulani galimoto masentimita 30 n'kuisiya igwe pa simenti. Ikhale pansi kamodzi n'kudzuka bwinobwino. Ikadumphadumpha, mafuta apepuka. Ikadzuka mochedwa, alemera, ndipo pa mabampu ang'onoang'ono matayala azidzangolumpha pamwamba osagwira dothi.

Tsono pali chinthu chimene mafuta okha sangachite. Shock imayenda m'njira ziwiri: pang'onopang'ono, monga pokhota ndi pomanga mabuleki, komanso mwadzidzidzi, monga potera. Pisitoni ya mabowo ang'ono yokhala m'mafuta opepuka ndi pisitoni ya mabowo aakulu yokhala m'mafuta olemera zimamveka chimodzimodzi mukazikankha ndi dzanja pa tebulo. Potera zimasiyana kutali. Mafuta akathamangitsidwa kudutsa pa kabowo kakang'ono amapanikizana, shock n'kulimba nthawi yomweyo. Anthu a mipikisano amati pack. Bwalo la malo odumphira aakulu limafuna pack yambiri, ndiye mabowo ang'ono. Bwalo la mabampu okhaokha limafuna yochepa. Lanulo lili ndi zonse ziwiri, choncho khalani pakati. Ngati m'bokosi munabwera mapisitoni ena, yesani ya mabowo ochepa kapena ang'onoko, mafuta n'kutsitsa sitepe imodzi. Mukafuna kuboola nokha, gwiritsani kabiti kozungulitsa ndi zala, osati dirilo yamagetsi, ndipo palani tizinyenyeswa m'mphepete mwa bowo.

Nyengo nayo muiwerengere. M'mawa wa June ndi July kuno kumazizira kufika pansi pa madigiri 10, pamene mu October kumatentha kufika cha m'ma 30. Mafuta omwe akuyenda bwino m'chisanu adzapepuka m'chilimwe. Kwezani sitepe imodzi, 2.5wt, yomwe ndi pafupifupi 40 cSt.

Gondwe 4WD

Funso la a Phiri linali la kugula, ndiye ndiliyankhe mosabisa. Mikono ya aluminiyamu ayi. Mkono wa pulasitiki ukagunda paipi ya m'mbali mwa bwalo umapinda n'kubwerera, ukalephera umathyoka, mumasintha ndi wotsika mtengo. Wa aluminiyamu umapindika osabwerera, diso siliona, galimoto n'kumangokokera mbali. Ukapanda kupindika, mphamvu yonse ya kugundako imapita pa pini ndi pa bokosi la magiya, zomwe ndi zodula. Onani magalimoto opambana mipikisano ikuluikulu, mikono yake ndi ya pulasitiki yolimba.

Ma shock a aluminiyamu eya, koma apa ndisiyana pang'ono ndi amalume Banda: kukonza apulasitiki n'koyenera lero, komabe pa mipikisano ya mwezi ndi mwezi sakhalitsa. M'kati mwake mumaperepeseka, pisitoni imayamba kugwedera, mafuta n'kumadutsa m'mbali m'malo modutsa m'mabowo. Zikafika apo, zonse zomwe achemwali Nachisale afotokoza za mabowo sizigwiranso. Chivundikiro chapulasitiki chimathanso kufwamphuka potera molakwika. Gulani a mamilimita 12 m'kati. Amanyamula mafuta ambiri, satentha msanga, ndipo galimoto imayenda mofanana kuyambira poyambira mpaka pothera mpikisano. Magalimoto ena, monga B6.4 ya Team Associated ya 2022, anapita pa mamilimita 13, koma pa galimoto yanu 12 akwana. Poyambira pabwino ndi pisitoni ya mabowo awiri a mamilimita 1.6 ndi mafuta a 35wt kutsogolo, ya mabowo awiri a mamilimita 1.7 ndi mafuta a 30wt kumbuyo.

Musanalipire yezani ma shock akale atatambasuka ndiponso atapanikizika, kuchokera pa bowo kufika pa bowo. Atsopano akhale pafupi ndi miyeso iwiri yonseyo. Akatalika kwambiri, shafiti yoyendetsa tayala imasolotoka m'kapu yake mkono ukatsika. Onaninso ngati sipuling'i yonenepayo sikhudza kandodo ka pamwamba kogwira kupendekeka kwa tayala kapena shafiti yoyendetsa tayala. Masipuling'i a ma shock akale sakwana pa atsopano.

Onyezimira otsika mtengo opanda dzina muwapewe, chifukwa O-ring ikatha mulibe koipeza. Zinthu zimenezi zambiri zimachokera ku Johannesburg, kaya pa basi yodzera ku Beitbridge yofikira pa Roadport kaya mwa njira ina, ndiye itanitsani kamodzi: ma O-ring mapaketi awiri, mashafiti awiri apadera, mapisitoni osiyanasiyana ndi mabotolo atatu a mafuta. Ma O-ring akuda a m'mashopu a maberingi ku Graniteside angakupulumutseni tsiku la mpikisano, koma mphira wake ndi wouma, umagwira shafiti, shock n'kumayenda monjatanjata.

Phiri wa ku Mufakose

Zikomo kwambiri nonse, mikono ya aluminiyamu ndaileka. Nanga kugubuduzika pa makona kuja? Ndipo timanati tokankhira masipuling'i tija, ndikatimanga kwambiri, sipuling'i ilimba?

Amalume Banda, Highfield

Ayi, siilimba. Kanatiko kamangokweza kapena kutsitsa galimoto. Kulimba kumasintha mukasintha sipuling'i yeniyeniyo, ndipo musadalire mtundu wake, poti yobiriwira ya kampani ina ndi yofewa pamene ya ina ndi yolimba. Werengani nambala. Pa buggy ya 1/10 masipuling'i akumbuyo amakhala cha pa 2 lb/in (muyeso wa kulimba kwa sipuling'i), akutsogolo pakati pa 3 ndi 4 kapena kupitirirako pang'ono.

Galimoto zobwera zomangamanga nthawi zambiri zimakhala zokwera kwambiri, ndipo n'chifukwa chake yanu ikugubuduzika. Ikani batire, igwetseni pa tebulo losalala kuchokera m'mwamba pang'ono, musaikhudze, yezani kuchokera pa tebulo kufika pansi pa chasisi. Pa dothi yambani ndi mamilimita 21 kapena 22 kutsogolo ndi kumbuyo. Chizindikiro cha maso n'chakuti mashafiti oyendetsa matayala akumbuyo akhale pafupifupi ogona molunjika. Timanati ta kumanja ndi kumanzere tikhale pa muyeso umodzi.

Kenako onani kupendekeka kwa matayala. Pamwamba pa tayala papendekere m'kati digiri imodzi kapena ziwiri. Likaima chilili kapena kupendekera kunja, pokhota mphepete yake imakumba dothi, galimoto n'kupidiguka. Ngati timandodo ta pamwamba ndi tapulasitiki tosasinthika, gulani tachitsulo tamazinga mbali zonse, timeneti mugule pambuyo pa ma shock. Galimoto ikapitiriza kugubuduzika, ikani kawasha ka milimita imodzi pa shafiti m'kati mwa shock, pansi pa pisitoni. Kamachepetsa kutsika kwa mkono, ndiye galimoto siyendamira kwambiri. Musapitirire tiwiri pa bwalo la mabampu, matayala angasiye kufika pansi m'maenje. Kudula mzere wakunja wa timano ta matayala akutsogolo kumathandizanso, makamaka mvula ikayamba mu November dothi n'kuyamba kugwira.

Pa shock tower, pomwe pamamangidwa ma shock pamwamba, pali mabowo angapo. Lam'kati limagoneka shock, galimoto imafewa n'kumayankha modekha. Lakunja limaiimika, imalimba n'kumayankha msanga. Yambani pa lapakati. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, zungulirani bwalo kasanu wina akukuwerengerani nthawi, lembani m'kabuku.

Chimodzi choti muyese mukangomanga ma shock atsopano: kanikizani chasisi mpaka igunde tebulo, kenako tukulani tayala lililonse ndi chala. Lizikwerabe pang'ono. Chasisi ndiyo iyenera kufika pansi shock isanathe ulendo wake. Tayala likakana kukwera, shock yatalika kapena kamutu ka pansi sikanalowe mokwanira, ndipo potera mudzapinda shafiti kapena kuthyola shock tower.