Kanjira kathu ka njinga kasanduka chigwembe, ndithire simenti kapena nditani?

Gayidi_Bauleni:
Anzanga a ntchito mwaswera bwanji. Ndili pa vuto ndi kanjira kaja ndimatsitsirako makasitomala kumapiri a kuseri kwa Leopards Hill Road kuno ku Lusaka, enanu mumakadziwa, kamachoka pamwamba pa chitunda kulunjika ku kamtsinje. Mvula ya Disembala ndi Januwale uno yakumba pakati penipeni moti pano ndi chigwembe, pena tayala imalowa mpaka pa hub, pakati pa wilo, ndipo munthu akalowamo ali pa liwiro satulukamo bwino. Tinakwirira dothi, tinaikamo matumba a mchenga, mvula imodzi yokha zonse zili kumunsi. Eni famu akuti ndikapanda kukonza atseka geti poti madzi ayamba kudya msewu wawo wa thirakita. Manje ine ma booking a pa wikendi ndiye chakudya cha ana. Ndithire simenti?

Makanika_Kabwata:
Simenti ayi boss. Phiri lonse lija mufuna matumba angati? Komanso madzi akapeza simenti amangolambalala nkukumba pansi pake, mudzapeza chi slab chili lende. Ine njinga zanu za hayala zikabwera kwanga ndimaona, tayala yakumbuyo yatha pakati pomwe yakutsogolo ikadali ndi mano onse, ndiye kuti anthu anu amatsika atafinya buleki yakumbuyo tayala ikungokhwekhwerezeka. Amalima kanjirako ndi iwowo, madzi amangobwera kudzatuta.

Chilenje_Rider:
Goneketsani mitengo mopingasa kuti madzi azipatuka. Ife tinkatero kale.

Mudala_Chongwe:
Mitengo yopingasayo musataye nayo nthawi. Kuseri kwake kumadzaza matope mvula ziwiri zokha madzi nkuyamba kulumpha pamwamba, ikanyowa imaterera, okwera amaizemba kanjira nkumakula, yotsalayo chiswe chimalizitsa. Ine kanjira kanu ba Gayidi ndakayendapo. Vuto si dothi, vuto ndi komwe kanaloza. Kamatsika molunjika momwe madzi amatsikira, ndiye mvula ikagwa pamwamba madzi akasankha kuti? Mwawakumbira ngalande nokha, udzu mulibe, miyala mwachotsa. Lusaka mvula imapitirira 800 mm pa chaka ndipo yambiri imagwa miyezi itatu yokha, Disembala mpaka Febuluwale, yamkuntho. Onjezani moto wa tchire wa mu Ogasiti ndi Seputembala umene umasiya phiri lili mbee, mvula yoyamba imapeza palibe chogwira dothi.

Anthu a IMBA, bungwe lija la njinga za m'mapiri, ali ndi lamulo losavuta: kutsetsereka kwa kanjira kusapitirire theka la kutsetsereka kwa phiri lomwe kakudutsapo. Phiri likakhala 20 peresenti kanjira kasadutse 10. Mukapitirira pamenepo madzi amasiya kudula kanjira, amayamba kukatsata. Ndipo kanjira konse mukakaphatikiza amati kazikhala cha m'ma 10 peresenti. Pitani mukayeze kaye musanagule chilichonse.

Gayidi_Bauleni:
Ba mudala zikomo, koma ndiyeza ndi chani, ine zida za ma saveya ndilibe.

Mai_Zaulimi:
Simufuna saveya achimwene. Kwathu ku Chipata ndi ku Mchinji alimi amayeza akalozera ndi chingwe basi. Gulani line level, kaja kali ndi kathovu mkati, mu ma hadiweya a ku Kamwala kamapezeka motchipa. Dulani chingwe cha mamita 5, wina agwire pansi kumtunda, wina akweze kumunsi mpaka kathovu kakhale pakati, kenako yezani ndi tepi kuchoka pa chingwe kufika pansi. Mukapeza 50 cm ndiye 10 peresenti, mita imodzi ndiye 20. Muyeze kawiri, motsata kanjira, kenako molunjika komwe phiri latsetserekera kwambiri. App ya pa foni iliponso koma mukaigoneka pa mwala imanama, igonekeni pa thabwa lalitali.

Gayidi_Bauleni:
Ndabwerako. Motsata kanjira ndapeza mita 1.1 pa chingwe chilichonse, molunjika phiri 1.2. Ndiye kanjira 22, phiri 24, eish. Gawo loonongekalo ndi mamita ngati 140.

Mudala_Chongwe:
Mwaona? Mumayenera kukhala pansi pa 12, inu muli pa 22. Pamenepo ngakhale mutakwirira ndi dothi la pa chulu nkutsendera ndi compactor, chaka chamawa tikambirananso zomwezi. Gawo limenelo litsekeni. Mamita 140 pa 22 peresenti ndiye kuti mukutsika mamita ngati 30. Kuti mutsike 30 yomweyo pa 10 peresenti mufunika kanjira ka mamita 300, koyenda cham'mbali mwa phiri, ndi khona imodzi kapena ziwiri zobwerera.

Pokumba mverani bwino apa chifukwa anyamata a ganyu amalakwitsa pomwepa. Dulani m'phirimo mpaka tayala iziponda dothi lolimba lachibadwidwe, osati theka kudula theka kuunjika, dothi lounjika limagumuka. Lofukulalo limwazeni kumunsi kutali, musasiye kamzere m'mphepete chifukwa kamzereko ndiko kamatsekera madzi mkati. Pansi pa kanjira papendekere pang'ono kumunsi, 5 cm pa mita imodzi ya m'lifupi, munthu pa njinga sazimva nkomwe koma madzi amadutsa osaima. Ndiye chachikulu kuposa zonse, kanjira kasatsike mosalekeza. Mamita 10 kapena 15 aliwonse kazitsika kenako nkukwera pang'ono, pa dibi pamenepo madzi alibe kochitira amatuluka. Kupendekera kuja matayala amakufafaniza pakapita nthawi, koma ma dibi amenewa amakhala.

Chilenje_Rider:
Koma mudala tisanamizane, anthu amalipira chifukwa cha mtsetse umenewo. Mukaugoneka kukhala 10 peresenti basi yasanduka njira ya agogo yopitira ku chigayo, ife tizikapalasa pa tara ku Woodlands bwino.

Mudala_Chongwe:
Iwe mwana, 10 peresenti ya mamita 300 yokhala ndi ma dibi ndi makhona imathamanga kuposa chigwembe chomwe ukutsika utagwira mabuleki onse. Pano ukutsika masekondi angati? Ndipo sindinati paliponse pagone. Pomwe pali thanthwe kanjira kakhoza kuima momwe ufunira, mwala sukokoloka. Ngati pali kagawo ka mamita 5 kapena 8 komwe mukufuna katsale koima, yalani miyala. Yambani kumunsi ndi chimwala chachikulu chokwiriridwa kwambiri kuti chigwire inzake, enawo muziimika cham'mbali mothithikana kukwera nawo, mipata mutseke ndi timiyala. Miyala yongogoneka pamwamba pa dothi ndi msampha.

Chilenje_Rider:
Ok ngati pakhala rock garden, kagawo ka miyalako, ndilibe mlandu. Koma khona muimangire berm, kachitunda kopendekera kunja kwa khona, osati ija yafulati yomwe umachita kutsitsa phazi.

Mudala_Chongwe:
Berm ili bwino koma imasunga madzi mkati mwake, ndiye dibi imodzi isanafike khona, ina potuluka. Ndipo khonayo ifunireni pomwe phiri lagonako. Mukaika pamtsetse anthu azifika ali pa liwiro nkumenya buleki, mabampu ayamba pomwepo. Kanjira kakwereko pang'ono khona isanafike, liwiro limatha lokha.

Mai_Zaulimi:
Nonse mukukamba za kanjira katsopano, chigwembe chakalecho mwachisiyira ndani? Eni famu dandaulo lawo ndi chimenecho ndipo mukangochoka chipitiriza kukula chokha, chimadya chobwerera kumtunda. Yambani pamutu pake, madzi olowamo muwapatutsire pa udzu. Mkatimo mangani timipanda ta miyala topingasa, tosatalika, pakati pakhale potsika kuposa m'mbali kuti madzi azidutsa pakati, ndipo miyala ya m'mbali ilowe m'khoma la chigwembe apo ayi madzi azungulira. Kumunsi kwa kampanda kalikonse yalani miyala pomwe madzi azigwera. Kutalikirana kwake, pamwamba pa kampanda kakumunsi pafanane ndi patsinde pa kakumtunda. Matope akadzaza kuseri bzalani udzu wa vetiva, mapesi motalikirana 10 mpaka 15 cm, mizu yake imapita pansi kwambiri ndipo ukapsa ndi moto umaphukanso. Ino ndiye nthawi yake mvula ikadalipo, mukadikira Epulo sugwira. Funsani a zaulimi ku Chongwe kapena alimi oyandikana nanu, amene ali nawo amagawa. Matumba a mchenga aja asiyeni, dzuwa la kuno limawang'amba msanga mudzangotsala ndi mapulasitiki tchire lonse.

Pomwe dothi linalimba ndi matayala mutipule ndi piki, muwazepo udzu ndi nthambi kuti pasaonekenso ngati njira. Pakamaoneka anthu adutsapobe.

Makanika_Kabwata:
Mai anena zoona pa zodutsapo. Funso langa, kanjirako mumayendamo nokha? Chifukwa mbali ija a malasha amatsika ndi njinga zili ndi matumba anayi asanu, mabuleki alibe, buleki ndi nsapato pa tayala kapena kukhwekhwereza mapazi. Mukatchinga ndi minga usiku womwewo achotsa.

Gayidi_Bauleni:
Amadutsa ndithu, makamaka m'mamawa, ndi ng'ombe zomwe nthawi zina. Pamwamba paja si pa famu, ndi malo a mudzi.

Mudala_Chongwe:
Ndiye musakumbe musanaonane ndi a hedimani. Mbali yambiri ya Chongwe ndi dziko la Asoli pansi pa mfumu yaikulu a Nkomeshya, malo a mudzi simungofika ndi piki ngati kwanu. Pitani ndi ulemu wake, afotokozereni, ndipo ganyu mulembe anyamata a pamudzipo osati kubwera nawo a ku tauni, akakumba okha amakasamala. A malashanso khalani nawo pansi. Munthu wokankha matumba pa phiri njira yogona amaikonda kuposa yoima, sadzavuta, koma makhona anu akhale otakasuka chifukwa njinga ya matumba siikhota ngati yanu. Ng'ombe zokha ndiye zovuta, zikaponda kanjira konyowa zimaphwanya m'mphepete, pemphani abusa azidutsitsa kwina mpaka kaume.

Gayidi_Bauleni:
Ndamva. Nanga ndiyambe pano kapena ndidikire mvula ithe? Ndipo makasitomala ndiwatani pakadali pano, pali gulu la ana a sukulu mwezi wamawa.

Mudala_Chongwe:
Chigwembe ndi vetiva pano. Kuika zikhomo za kanjira katsopano panonso, ndipo mupiteko mvula ikugwa muone ndi maso komwe madzi akuyenda. Kukumba kumafuna dothi lachinyontho, loti mukafumbata ligwirane koma osatulutsa madzi, katondo wa mu Julayi piki imangodumpha. Mukamaliza tsenderani ndithu ndipo pasapite tayala mpaka paume. Ana a sukulu musawatsitse pamenepo, zungulirani nawo pa msewu wa famu kapena apititseni ku Lusaka National Park, kuja nkogona.

Makanika_Kabwata:
Ndipo musananyamuke muziwaphunzitsa mabuleki pa fulati, onse awiri pamodzi, chala chimodzi, thupi kumbuyo pang'ono zidendene pansi. Ambiri amaopa yakutsogolo chifukwa anauzidwa ali ana kuti imagwetsa. Njinga ziwiri zija za rotor, chimbale chija cha buleki, ya 160 mm mubwere nazo tiike ya 180 mm kutsogolo, adapter ndili nazo, munthu wolemera asamachite kufinya ndi dzanja lonse. Ma pad a buleki nawonso matope a nyengo ino akudya ngati chani, a resin sakulimba.

Gayidi_Bauleni:
Eni famu ndalankhula nawo, avomera kutipatsa thirakita itutire miyala bola chigwembe chiyambe ndicho. Kwa a hedimani ndipita Lachinayi. Loweruka tiyamba timipanda 7 koloko, ndili ndi mapiki awiri, makasu ndi wilibala imodzi, amene ali ndi fosholo ndi mgwala abwere nazo. Nsima ndi kapenta zili pa ine.

Chilenje_Rider:
Fosholo ndibwera nazo ziwiri. Mai a vetiva, mapesi angati pa mamita 140?

Mai_Zaulimi:
Simubzala motsata chigwembe, mubzala mizere yopingasa. Muwerenge timipanda kaye, muyeze m'lifupi mwake muonjezere mita mbali iliyonse, mita imodzi imadya mapesi 7 mpaka 10. Munditumizire nambalayo Lachisanu lisanafike ndifunse kwa mlimi wina ku Chongwe.