Kodi "miyandamiyanda" inali nambala yeniyeni?

Akuluakulu, ndithandizeni pa mawu awa. Lero tikati anthu anabwera miyandamiyanda timangotanthauza kuti anali osawerengeka. Koma kodi makolo athu ankati "mwanda" akunena za chiwerengero chodziwika?

Ndikufunsa chifukwa cha anansi athu a ku Zambia. Pa Chibemba, umwanda ndi 100, ndipo imyanda ibili ndi 200. Atonga a kummwera kwa dzikolo nawonso amati mwaanda akamanena 100. Ife tili ndi zana ndi chikwi, koma mwanda unangotsala m'mawu obwerezawa basi. Ngati unalidi zana kwathu kuno, ndiye kuti mwanda wa miyanda ungakhale 100 kuchulukitsa ndi 100, yomwe ndi 10,000, zikwi khumi.

Nambala imeneyi si yachisawawa. Ndi 10 x 10 x 10 x 10, ndipo mukaiphwanya mpaka pomalizira mutsala ndi ma 2 anayi ndi ma 5 anayi okha. Manambala amene amalowa mu 10,000 popanda chotsala alipo 25. Taonani chifukwa chake sali 24 kapena 26: amayenda awiriawiri, 1 ndi 10,000, 2 ndi 5,000, 4 ndi 2,500, 5 ndi 2,000, 8 ndi 1,250, kumangopitirira choncho, koma 100 mnzake ndi iye mwini. Zimenezi zimachitika pa nambala yokhayo imene yabadwa pochulukitsa nambala ina ndi iyo yomwe. Alimi amaidziwa bwino ngakhale osaitchula, pakuti munda wa mamita 100 m'litali ndi 100 m'lifupi ndiwo hekitala imodzi, ndipo 100 kuchulukitsa ndi 100 ndi 10,000 yomweyi.

China chimene chimandikondweretsa kwambiri n'chakuti mukaphatikiza 1, 3, 5, 7 mpaka kufika pa 199, yankho ndi 10,000 ndendende. Ndipo mukaphatikiza manambala onse olowa mwa iyo, kusiya iyo yokha, mupeza 14,211, kuposa mwini wake. Akatswiri a masamu amaika nambala yotere m'gulu la zosefukira.

Agiriki akale analinso ndi liwu limodzi la 10,000, ndipo nalonso linkatanthauzanso unyinji wosawerengeka. Archimedes, katswiri wa masamu wachigiriki wa mumzinda wa Syracuse, anayambira pa liwu lomwelo, zikwi khumi kuchulukitsa ndi zikwi khumi, pofuna kusonyeza kuti ngakhale mchenga ungapatsidwe nambala. Ndiye ine sindikuona chodabwitsa ngati liwu lathu linalinso ndi matanthauzo awiri otere, ndipo zikundipweteka kuti ana athu amawerenga ndalama m'Chingerezi pamene mwina liwu lokwanira tinali nalo.

Inu amene munakulira pafupi ndi agogo ku Kasungu, ku Mchinji, ku Chipata kapena ku Angonia, munamvapo wina akuti "mwanda umodzi" kapena "miyanda iwiri" powerenga mbuzi, mitolo ya udzu kapena anthu? Ngati munamva, ankatanthauza zingati?