Ndinajambula mayi wa usipa ku Zigwagwa, anthu anandizinga. Kodi ndinaphwanya lamulo?

Mnyamata wa ku Chiputula:
Abale, ndithandizeni nzeru. Loweruka m'mawa ndinapita kumsika wa Zigwagwa ndi kamera yomwe ndagula kumene kwa mnzanga. Kunali kamvula kowaza kaja ka kuno ku Mzuzu. Mayi ena ogulitsa usipa anali atafunda chitenje mpaka kumutu, akuunjika timilu pa thumba, manja ali mbuu ndi kuzizira. Zinandigwira mtima, ndiye ndinangotola chithunzi osawafunsa. Mayiwo anadzambatuka n'kugwira lamba wa kamera, akukalipa m'Chitumbuka ndi m'Chichewa momwe: "Mukufuna mukandiike pa Facebook anthu azikandiseka?" Posakhalitsa anyamata a sakramento (njinga za kabaza) anandizungulira, wina akukuwa kuti aiphwanye. Ndinafufuta chithunzicho iwo akuona, ndinapepesa, n'kuchokapo miyendo ikunjenjemera.

Ine ndimadziwa kuti pamsika ndi pagulu. Ndinalakwira lamulo liti? Nanga akanaphwanya kamera, ndikanakadandaula kuti?

NyaGondwe wa ku Katoto:
Achimwene, pepani ndi zomwe zinakuchitikirani. Malamulo aakulu a dziko lino, a 1994 aja, amateteza mbali zonse ziwiri. Gawo 35 limapereka ufulu wofotokoza maganizo, pomwe gawo 21 limateteza zachinsinsi za munthu. Gawo 21 lomwelo limati katundu wa munthu asalandidwe chisawawa. Wophwanya kamera yanu kapena kukumenyani ndiye kuti wapalamula mlandu, ndipo mukhoza kukanena kupolisi.

Vuto lalikulu limabwera chithunzi chikapita pa intaneti. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaletsa kuzunza kapena kuvutitsa munthu kudzera pa foni ndi kompyuta, ndipo mu 2024 kunabweranso la Data Protection lomwe amaliyang'anira a MACRA, bungwe la boma loona za mafoni, mawailesi ndi intaneti. Ana ndiye samalani kwambiri, musawajambule makolo awo osavomereza.

Mwana wa a Bana Tiwonge:
Ine mayi anga agulitsa tomato mumsika wa Mzuzu kuyambira ndili wamng'ono, ndiye nkhaniyi yandikhudza. Chaka chatha wina anawajambula akusinza pa benchi masana, atadzuka 4 koloko m'mamawa kukapikula katundu. Chithunzicho chinazungulira m'magulu a WhatsApp, pansi atalembapo mawu achipongwe. Anachiona a kutchalitchi kwathu, anachionanso apongozi a mchemwali wanga. Mayi anakhala masiku atatu osapita kumsika chifukwa cha manyazi, tomato n'kuwolera m'dengu. Wojambulayo mpaka lero sitimudziwa.

Ndiye inu mukuti pamsika ndi pagulu, chabwino. Koma mayi wa usipa uja sanabwere kudzaonetsa nkhope. Sangachokepo kuthawa kamera yanu chifukwa pamenepo ndi pomwe ana ake amadyera. Mumtima mwanu simunaganize zoipa, ndakumvani, koma iwowo akanadziwa bwanji? Kunena "Monire amama, ningamujambulani?" kukanakutengerani nthawi yochepa kwambiri.

Wojambula maukwati, Luwinga:
Ndagwira kamera zaka zambiri mumzinda muno. Ine ndikafika pamsika ndimayamba ndagula kaye, kaya mulu umodzi wa usipa, ticheze pang'ono, kenako ndipemphe. Ndikajambula ndimawaonetsa pa sikirini. Ambiri amaseka n'kukonza duku kuti ndiwajambulenso bwino. Wokana ndimamusiya.

China mphwanga, pafupi ndi Moyale Barracks kapena State Lodge kamera izikhala m'chikwama. Malo achitetezo ali ndi malamulo ake, ndipo kumeneko kupepesa sikungakupulumutse msanga.

Mnyamata wa ku Chiputula:
Yewo nonse. Nkhani ya mayi anu a tomato yandisowetsa tulo, achemwali. Loweruka likubwerali ndipitanso ku Zigwagwa wopanda kamera. Ndikagula usipa kwa mayi aja, ndikawapepesenso bwinobwino popanda chigulu cha anthu chija.