Thandizeni, gemu ya malemu bambo ikukana

Wobisa dzina: Admin ndibiseni chonde. Abale, sabata yatha tikusamuka ku Kawale kupita ku Area 49 ndinapeza gemu ya pa TV ija ya Terminator m'katoni ya malemu bambo, itakulungidwa m'chitenje cha amayi. Anatigulira ndili Sitandade 4, ndipo Loweruka ana a mzere wonse ankadzaza m'nyumba mwathu kudikira mpata wa Super Mario, ukafa umapatsira mnzako. Nditaiona ndinakhala pansi n'kulira. Makatiriji achikasu aja, okhala ndi magemu m'kati, analipo asanu, atsala awiri. Ndikudziwa kuti anatenga ndi alamu anga, ngati mmene anachitira ndi wailesi, koma mayi a kunyumba akuti ndisayambitse nkhani. Alandilodi nawonso akuzemba kubweza dipoziti. Mwana wanga akukwanitsa zaka 8 Lamlungu, ndikufuna asewere gemu imene anagula agogo ake. Koma ikukana. Nditani?

Wokonza mawailesi ku Area 25: Ikukana bwanji achimwene? Sikuyaka, kapena ikuyaka koma chithunzi palibe? TV yanu ndi yotani?

Mkulu wa ku Area 18: Inu mukuti imeneyo gemu yakale? Ine ndinagwira kompyuta ya Commodore 64, yotuluka mu 1982. Malume anabwera nayo kuchokera ku Joni. Memory yake 64 KB basi, pulogalamu timaiwerenga kuchokera pa kaseti ngati ya nyimbo, kulemba LOAD n'kudikira mpaka madzi a tiyi kuwira. Munthu umaphunzira kudekha. Ana a lero foni ikachedwa pang'ono akufuna kuiswa.

Mayi a mapasa: Uzirani katirijiyo ndi pakamwa, ife timatero n'kuyaka.

Wokonza mawailesi ku Area 25: Ayi mayi, mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyontho, umachititsa dzimbiri. Apukute timano ta katiriji ndi thonje lonyowetsa mu sipiriti, adikire tiume.

Mtsikana wa ku Biwi: Achikulire a Commodore, TV munkaitenga kuti poti siteshoni ya TVM inayamba mu 1999?

Mkulu wa ku Area 18: Mwana iwe, sikirini m'nyumba zina zinalipo kale, anthu ankaonerapo mavidiyo. Kompyuta sinkadikira siteshoni. Pambuyo pake ndinagwira ntchito ndi ma floppy, timadisiki ta kompyuta ta 1.44 MB, lipoti lonse la chaka m'thumba la malaya. Uzifunsa mwaulemu.

Bambo a ku Mchesi: Ine yanga inali brick game, ya mabatire awiri ija. Ndinabisa pansi pa matiresi kuopa aphunzitsi a ku boarding, mabatire anatulutsa zoyera zija n'kudya tizitsulo. Mpaka lero zimandiwawa, ndinasunga ndalama ya mandasi temu yonse.

Mayi a mapasa: Koma nkhani ya alamuyo musaisiye. Munthu wotenga katundu wa malemu saopa chilichonse. Kwathu anatenga mpaka makina osokera maliro asanathe.

Wina wa ku Likuni: Bambo wamkulu kulirira zidole, ena akulirira fetereza 😂

Mtsikana wa ku Biwi: Akulira bambo awo, osati chidole. Muziwerenga bwino.

Wa ku Chinsapo: Chenjerani ndi adaputala. Magemu amenewa ambiri amafuna pafupifupi 9V DC, negative ili pakati pa kapulagi kake. Mukangolumikiza ya chinthu china mupsereza. Ndipo kamfuti ka gemu kowombera abakha a pa sikirini kaja kamagwira pa TV yakale ya chimsana yokha, pa flat sikaona kanthu.

Mkulu wa ku Area 18: Terminator inali yongokopera Famicom ya Nintendo, ya ku Japan ya 1983. Zokopera sizikhalitsa. Commodore yanga ikanakhalapo bwenzi ikuyakabe, koma anaiba akuba. Munthu amene sanalembepo pulogalamu mu chiyankhulo cha BASIC asandiuze za kompyuta.

Wobisa dzina: Zikomo nonse. Alamu ndawaimbira, akuti makatiriji sanawaonepo, koma mawu awo amanjenjemera. Gemu ikukanabe ndipo Lamlungu layandikira.

Wokonza mawailesi ku Area 25: Achimwene, ndikufunsanso. Kumbuyo kwake mwalumikiza chingwe cha eriyo kapena zija zachikasu ndi zoyera? Ngati ndi cha eriyo muyenera kusaka tchanelo cha analogi. TV yanu ndi yotani?