Ma mince pie odula a ku UK aja, amakomadi mofanana ndi mtengo wake?

Nachisale_Matawale analemba:

Abale, ndithandizeni maganizo. Mng'ono wanga ndi namwino ku Nottingham ndipo akubwera mu Disembala kudzadya Khirisimasi ndi mayi kuno ku Matawale. Wandifunsa zoti anditengere, ndiye mwa zina ndatchula ma mince pie. Kwa amene simunawaonepo, ndi timapayi ting'onoting'ono tokwana pachikhatho tomwe Angelezi amadya nyengo ya Khirisimasi. Mkati mulibe nyama ayi. Mumakhala mphesa zouma, maapozi, makoko a malalanje ophikidwa mu shuga, sinamoni ndi zonunkhiritsa zina, zonse zosakanikirana mpaka kuda bii ndi kumata.

Chaka chatha anatumiza bokosi la otchipa kudzera mwa mnzake, koma sanandikomere. Chigoba chake chinali chouma, chofumbutuka m'kamwa, ndipo utaluma umapeza mphako yaikulu pansi pa chivindikiro, zipatsozo zili pansi penipeni pang'ono chabe. Ana anangonyambita shuga wapamwamba n'kusiya.

Tsopano akuti kuli ena apamwamba, a ku Marks & Spencer kapena Waitrose, pafupifupi mapaundi 4 pa bokosi la mapayi 6, pomwe wamba aja safika mapaundi 2. Akuti kulinso a Fortnum & Mason omwe bokosi limodzi limapitirira mapaundi 10. Funso langa ndi lakuti, kusiyanako kumamvekadi pa lilime, kapena munthu umangolipirira bokosi lonyezimira? Sutikesi yake ndi ya makilo 23 basi, ndipo mayi aitanitsa kale mankhwala opaka m'mawondo, nsapato ndi juzi. Komanso pa 26 ndidzakhala ndi alendo, apongozi ochokera ku Domasi ndi amayi angapo a Mvano, ndiye ndikufuna chinthu chachilendo chomwera tiyi.

Mbewe wa ku Leeds anayankha:

Anachisale, moni kumudziko. Ine kwathu ndi ku Mpondabwino koma ndili kuno, ndipo zinthu zimenezi amatidyetsa kuntchito kuyambira Novembala mpaka munthu kutopa nazo, ndiye ndilankhulapo.

Kusiyana kulipo, koma kuli pakati pa otchipa aja ndi a pakatikati. Mukadutsa pamenepo kupita ku odulitsitsa, ndalama ikukwera msanga kuposa kukoma.

Mumuuze mng'ono wanuyo asayang'ane kutsogolo kwa bokosi, alitembenuze awerenge kumbuyo. Kuno lamulo limafuna kuti zomwe zili m'chakudya azilembe motsatana, chochuluka poyamba, ndipo pa zofunikira amaika ndi maperesenti omwe. Choyamba aone mafuta amene apangira chigoba. Otchipa amagwiritsa ntchito mafuta a kanjedza kapena majarini, n'chifukwa chake amauma chonchija ndipo amasiya kautoto kumtunda kwa kamwa. Apamwamba amalemba kuti all butter, kutanthauza batala yekhayekha, ndipo chigoba cha batala chimasungunuka chokha palilime, fungo lake mumalimva mutangotsegula bokosi. Pamenepo ndiye pamene pakupita ndalama yanu, chifukwa batala ndi wodula ngakhale kuno. Chachiwiri aone kuchuluka kwa zamkatizo. Zikamayandikira theka la payi yense ndiye kuti sanaumire. Chachitatu, aone ngati zoyambirira kulembedwa ndi mphesa ndi maapozi kapena ndi shuga ndi manyuchi. Mphako imene mukunenayo imabwera akathira zamadzimadzi zambiri, zipatso zochepa, ndiye pophika zimaphwa n'kukhala pansi.

Pafupifupi sitolo iliyonse yaikulu ili ndi mtundu wake wapamwamba: Tesco Finest, Taste the Difference wa Sainsbury's, ngakhale Aldi ndi Lidl omwe ndi masitolo a anthu osamala ndalama ali ndi awo, Specially Selected ndi Deluxe. Kuli magazini ya ogula yotchedwa Which? imene chaka ndi chaka imalawitsa anthu mapayi amenewa mosawauza kuti achokera sitolo iti. Wopambana amasintha chaka ndi chaka, ndipo si nthawi zonse pamene wodula kwambiri amakhala pamwamba.

Za Fortnum & Mason, ndi sitolo yakalekale ya ku Piccadilly mu London, inayamba mu 1707, ndipo zinthu zake ndi zabwino ndithu. Koma zimenezo anthu amagula ngati mphatso, kuti wolandirayo aone dzina. Kodi apongozi anu a ku Domasi dzinalo liwauza chiyani? Ndalama ya bokosi limodzi limenelo mugula mabokosi atatu a batala ku sitolo wamba, aliyense adye awiriawiri.

Chinanso, aone deti. Kuno amayamba kuwagulitsa mu Seputembala, moti ena deti lake limatha Khirisimasi isanafike. Agule sabata yonyamuka, asankhe bokosi la kumbuyo kwa shelefu. Ndipo awanyamule m'chikwama cham'manja. A batala ndi osalimba, kuwaika pansi pa nsapato za mayi adzatsika pa Chileka ali zinyenyeswa.

Mayi a Chiso, Chinamwali anayankha:

Achemwali, ine ndimaphika makeke a maukwati ndi zinkhoswe, ndiye mundikhululukire ndiyankha ngati munthu wa pa uvuni.

Zomwe anena a Mbewe ndi zoona, koma aiwala chinthu chimodzi. Payi wodula bwanji, mukamudya wozizira kuchokera m'bokosi, mwataya theka la ndalama. Batala akazizira amagona, fungo silituluka. Muwatenthetse kaye. Mu uvuni wa magetsi ikani pa 180, mphindi zisanu kapena kupitirirapo pang'ono, muwachotse akangoyamba kununkhira. Ngati magetsi athima, monga mwa masiku onse, si nkhani: ikani mchenga wouma pansi pa poto wamkulu, mukhazike pa mbaula ya makala ochepa, mapayi muwaike pa mbale yachitsulo pamwamba pa mchengawo, muvindikire, makala awiri atatu pa chivindikiro. Mu microwave musaike ali m'timbale tawo ta foilo, ndipo ngakhale mutawachotsamo chigoba chimafewa n'kukhala chonyowa. Chenjezaninso alendo anu, zamkatizo ndi shuga, zimasunga moto kuposa kunja. Ndinaonapo bambo wina wamkulu akutulutsa lilime pamaso pa akamwini ake.

Koma maganizo anga enieni ndi akuti malo a musutikesi musawonongere fulawa. Fulawa tili naye kuno. Chomwe chimavuta kupeza mu Zomba ndi zamkatizo. Kumeneko amagulitsa m'mabotolo zosakaniza kale, botolo limodzi limadzaza mapayi oposa khumi ndi awiri, silifumbutuka panjira ndipo limakhala miyezi lisanatsegulidwe. Abwere ndi mabotolo awiri, awakulunge mu juzi ya mayiyo, inu mudzangopanga chigoba. Mabotolowo alowe musutikesi yaikulu, m'chikwama cham'manja akhoza kumulanda pa bwalo la ndege.

Chigoba si chovuta. Muyeso wake ndi fulawa magawo awiri, batala gawo limodzi pa sikelo, kashuga pang'ono, kamchere, ndi madzi ozizira kwambiri masipuni ochepa ongokwanira kugwirizanitsa. Mufikise batala mu fulawa ndi nsonga za zala mpaka zioneke ngati mgaiwa, ndipo musakande ngati mukupanga mandasi, mukatero chimalimba. Mdani wanu ndi kutentha kwa Disembala. Ine ndimapanga m'mamawa dzuwa lisanatuluke, n'kuika mu filiji theka la ola ndisanapalase. Ndimadula ndi kapu ya tiyi, kuika m'thireyi ya makapukeke, kudzaza, n'kuvindikira ndi kachidutswa kakang'ono. Mphindi makumi awiri apsa.

Batala ndi wodula, ndikudziwa, kuyambira pomwe kwacha inagwa mu Novembala 2023 ndimachita kuwerengera makasitomala padera akafuna wa batala weniweni. Stork amagwira ntchito, koma ngati cholinga ndi kufanana ndi odula aja, pamenepa musaumire. Mu botolomo ndimaonjezeramo apozi wopala ndi khungu la ndimu lopala bwino, chifukwa za m'sitolo zimatsekemera mopitirira. Nthawi ina ndinaikamo mapichesi a kuphiri omwe anyamata amagulitsa pa msewu wopita ku Ku Chawe, anthu anafunsa kuti mwagula kuti.

Che Wa Songani anayankha:

Mayi, ine za kukoma sindikudziwa, koma pali nkhani imene simunaiganizire. Apamwamba ajawo ambiri amathiramo mowa. Burande, Cognac, ena vinyo wa port, ndipo amalemba monyadira kutsogolo kwa bokosi chifukwa kwa iwo ndi chizindikiro choti chinthucho ndi chodula. Otchipa nthawi zambiri ndi amene alibe. Anthu amati mowa umauluka pophika, koma suuluka wonse, ndipo kwa ife Asilamu nkhani si kuledzera.

Mwati apongozi anu ndi a ku Domasi. Kumeneko mabanja ambiri ndi osakanikirana, wina Mkhirisitu, wina Msilamu, ndipo mlendo sabwera yekha. Nawonso amayi a Mvano sindikhulupirira kuti angakondwe kumva pambuyo kuti munawamwetsa burande ndi tiyi.

Chinanso ndi mafuta. Kalekale, zaka za m'ma 1600, mapayi amenewa ankaikamo nyama yeniyeni, ya nkhosa kapena ya ng'ombe, pamodzi ndi zipatsozo. Nyama inasiyidwa pang'onopang'ono, koma anatsala mafuta olimba a ng'ombe aja okuta impso, omwe amawatcha suet. Masiku ano masitolo ambiri amagwiritsa ntchito ochokera ku zomera ndipo amalemba kuti ndi oyenera osadya nyama, koma ena opanga mwachikale amaikabe a ng'ombe. Awerenge, pa bokosi ndi pa botolo lomwe anena Mayi a Chiso. Mukatero nafenso tidzabwera kudzalawa.

Kondwa_Chikanda anayankha:

Ma bwana inu muli ndi mavuto abwino. Mapaundi 10 timapayi sikisi? Anti, ndipatseni ndalamayo ndikubweretsereni beseni la zitumbuwa zotentha, nkhuku yachikuda ndi mango a pa Thondwe, chenji nkubwezerani. Ine ndinalawapo kamodzi kwa lekichara wathu, ndinaganiza kuti ndi meat pie, kuluma chonchi ndikupeza jamu wa mankhwala a chifuwa. Ndinameza chifukwa cha ulemu.

Nachisale_Matawale anayankha:

Kondwa mwanawe wandiseketsa. Mankhwala a chifuwa ukunenawo ndi ma clove ndi nutmeg, ukadzakula udzawakonda. Zitumbuwa zidzakhalapo, usadandaule, mayi sangalole tebulo lopanda chigumu ndi zitumbuwa.

Che Wa Songani, zikomo kwambiri. Alamu anga aakazi awiri ndi Asilamu ndipo amabwera ndi apongozi chaka chilichonse. Ndamulembera kale mng'ono wanga kuti chilichonse chokhala ndi mowa achisiye, andijambulire kumbuyo kwa bokosi anditumizire pa WhatsApp asanalipire.

A Mbewe, ndiye a Fortnum aja ndawasiya. Koma Che Wa Songani akuti apamwamba ambiri ndi omwenso ali ndi burande, kodi alipo a batala opanda mowa? Ndipo mnzanga wina amapita ku Johannesburg kukaoda katundu, akuti ku Woolworths amagulitsanso. Amenewo ali bwanji?

Mayi a Chiso, botolo labwera pa mndandanda. Koma manja anga ndi otentha, sikono amene amandikanika. Mungandipangire inuyo ndikabweretsa zamkati ndi batala?

Mbewe wa ku Leeds anayankha:

Alipo, kungoti amafuna kufufuza, chifukwa amasintha kaphikidwe chaka ndi chaka. Asakhulupirire zomwe anaona chaka chatha, awerenge bokosi lomwe lili m'manja mwake. Akasowa, atenge botolo lopanda mowa, amenewo ndiye ngosavuta kupeza, nkhani ya batala ithere kwanuko.

A ku Woolworths ndinadyapo kwa achimwene ku Randburg, anali abwino, chigoba chofewa bwino. Vuto ndi ulendo. Basi yochokera ku Joni imadutsa Zimbabwe ndi Tete, masiku awiri kapena kuposa, kutentha kwa ku Tete mukukudziwa, katundu atapanikizana ndi mabelo. Ngati mnzanuyo angawasunge pamiyendo njira yonse, chabwino. Apo ayi, nayenso abweretse botolo.

Ndikanakhala ine ndikanachita zonse ziwiri: bokosi limodzi la mapaundi 4 lija kuti inu ndi mayi mulawe mudziwe mmene amayenera kukomera, kenako a alendo apangidwe konko, otentha. Musaiwale kasitadi. Kuno amathira kirimu, koma kasitadi wathu wachikasu uja amagwirizana nawo bwino kwambiri, ndipo tiyi akhale wopanda shuga wambiri.

Mayi a Chiso, Chinamwali anayankha:

Ndipanga, koma mundiuze pofika pa 20 chifukwa sabata imeneyo ndili ndi maukwati awiri. Batala mugule mapaketi awiri a magalamu 250, wosathira mchere ngati mungamupeze, mumusunge mu filiji mpaka tsiku lobwera naye. Fulawa ndi makala ndi zanga. Ndipo bokosi la ku UK lija mundisungireko mmodzi, ndikufuna ndimudule pakati ndione makulidwe a chigoba chake.