Wodwala impso ma triglyceride akwera, timulembere chani?

Clinical officer: Akuluakulu ndithandizeniko. Ndili ndi bambo a zaka 58, impso zawo zinafooka kale, eGFR (muyezo wa momwe impso zikusefera magazi) 28 koma dialysis (kusefa magazi ndi makina) sanayambe. Zotsatira za mafuta m'magazi zabwera chonchi, triglycerides (TG) 4.2, HDL (kolesitolo wabwino) 0.8, LDL (kolesitolo woipa) 2.9. Akumwa amlodipine wa BP. Ndimati ndiwalembere fenofibrate, mankhwala otsitsa TG, poti ma TG ndi amene akwera, mukuti bwanji?

Wa ku pharmacy: Fenofibrate ayi chonde. eGFR ikatsika pansi pa 30 sitipereka, amatuluka kudzera mu impso zomwezo ndiye amangounjikana m'thupi, creatinine (yomwe imakwera impso zikafooka) nayo kukwera. Mnzake gemfibrozil mukamuphatikiza ndi statin (mankhwala otsitsa kolesitolo) ndiye zoopsa zenizeni, minofu imawonongeka, munthu amabwera miyendo ikuwawa mkodzo uli wakuda bii.

Dokotala: Apharmacy anena zoona. Manambala amenewa ndi momwe amaonekera kwa odwala impso ambiri, lipoprotein lipase, yomwe imaphwanya TG m'magazi, imagwira ntchito mofooka ndiye TG imakwera, HDL imatsika, LDL nkumaoneka ngati ili bwinobwino, nchifukwa chake ambiri amapusitsika nkumusiya wodwala opanda kanthu pomwe chomwe chimapha anthu amenewa kwambiri ndi mtima ndi sitiroko. 4.2 isakusowetseni tulo, za pancreatitis (kutupa kwa kapamba) timayamba kuda nazo nkhawa ikamafika cha m'ma 11. Malangizo a 2013 a KDIGO, bungwe loona za matenda a impso, amati wa zaka 50 kupita m'mwamba, eGFR yosakwana 60, yemwe sali pa dialysis, apatsidwe statin posatengera LDL yake. Kafukufuku wa SHARP anagwiritsa simvastatin 20 ndi ezetimibe 10, matenda otseka mitsempha anachepa ndi 17%.

Namwino wa ku dialysis: Nanga athuwa a pa dialysis bwanji sitiwayambitsa statin adokotala? Ndakhala ndikudabwa.

Dokotala: Anayesa asisita, pa kafukufuku wa 4D ndi wa AURORA, kwa anthu a pa makina phindu silinaoneke. Ndiye sitiyambitsa, koma amene walowa dialysis akumwa kale musamusiyitse.

Clinical officer: Ndamva. Ndiye statin yake ikhale atorvastatin 20?

Wa ku pharmacy: Eya, ameneyo safuna kuchepetsa mulingo chifukwa cha impso. Akasowa nkutenga simvastatin musapyole 20 poti pali amlodipine.

Dokotala: Muyezenso shuga, TSH (ya chithokomiro) ndi puloteni mu mkodzo, muwafunse za mowa komanso ngati magaziwo anatengedwa atadya kumene. Akamva minofu kuwawa abwere msanga tione CK, muyezo wa kuwonongeka kwa minofu.